Osula a pa Nkhamenya: mpeni sulimba ndi nyundo yokha

Ndalama za fodya zikangoyamba kutuluka ku Chinkhoma, pa Nkhamenya pamadziwika. Ngolo zimachuluka, malata amakwera panjinga, ndipo bambo amene adatha miyezi ali m'chigafa amaoneka akuzungulira msika dzanja lili m'thumba. Asanabwerere kumudzi amaima kaye pomwe ayala makasu, nkhwangwa, zikwanje ndi mipeni, pakuti mayi kunyumba adanena kale kuti mpeni wa m'khitchini wasanduka supuni.

Apa ndiye pagona funso lomwe mabanja ambiri m'matauni ang'onoang'ono amakumana nalo chaka ndi chaka: kodi tigule chakusitolo chochokera kunja, kapena chosulidwa konkuno?

Kale yankho lidali losavuta. Chakunja chidali chotsika mtengo, chonyezimira, chopezeka paliponse. Koma kwacha yathu idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse cholowa kudzera pa Mwanza, Dedza kapena Songwe chidayamba kuwawa. Zinthu zikatere maso a ogula amabwerera kwa mmisiri wa kuseri kwa msika, uja wa mvukuto ndi kachidutswa ka njanji. Mwayi woterewu sabwera nawo kawiri, ndipo nkhawa yanga ndi yoti osula athu angautaye, osati chifukwa cha ulesi kapena kusadziwa kumenya nyundo, koma chifukwa cha gawo limodzi la ntchito yawo lomwe wogula saliona ndi maso.

Ndidagulapo chikwanje kwa mmisiri wina pamsika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1. Chidali chokongola, cholemera bwino m'manja. Tsiku loyamba ndidadula nacho nsungwi zitatu, yachinayi chidabenthuka ngati mbale yadothi. Mnzanga adagula kwa mmisiri yemweyo, tsiku lomwelo, ndipo chake chidatha zaka. Mmisiriyo sadandibere. Iye mwini sakadatha kusiyanitsa zikwanje ziwirizo, chifukwa zonse adaziviika m'madzi mongoyerekeza.

Masiku ano achinyamata ambiri ali ndi mafoni, ndipo ena mwa iwo aonapo pa Facebook kapena YouTube mipeni ya mizeremizere yonga madzi oyenda, yomwe amaitcha ya Damascus. Amaipanga amisiri a ku America, ku Ulaya ngakhalenso ku South Africa, ndipo umodzi wokha ukhoza kugulidwa pamtengo woposa wa ng'ombe. Yambiri imapangidwa ngati mipeni ya alenje. Tinene pano kuti ulenje wa m'nkhalango ya Kasungu, komwe adasamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, ndi mlandu waukulu, ndipo lamulo la nyama zakutchire lomwe lidakonzedwa mu 2017 limafika mpaka zaka 30 kundende pa nyama zotetezedwa kwambiri. Kwathu kuno mpeni wamtunduwu ntchito yake ndi kusenda mbuzi pa Khirisimasi, pachinkhoswe kapena pamaliro, ndi kudula nyama pachiwaya.

Wina akhoza kufunsa kuti nanga mpeni wa anthu olemera ukukhudzana bwanji ndi mlimi wa kwa Kaluluma? Ukukhudzana, pakuti mbiri yake ili ndi phunziro lomwe chipala chilichonse chikulisowa.

Dzinali lidachokera ku mzinda wa Damascus ku Syria, komwe malupanga otere ankagulitsidwa zaka mazanamazana zapitazo. Koma chitsulo chake sichinkapangidwa kumeneko. Chinkachokera ku India ndi ku Sri Lanka, komwe ankachisungunula m'timiphika tadothi totseka, ndipo Azungu adachitcha wootz. Osungunula adali ena, amalonda onyamula adali ena, osula malupanga adalinso ena. Pofika m'zaka za m'ma 1800 lusoli lidazilala, ndipo akatswiri a ku Ulaya adayesa kulitsitsimutsa koma ankangolephera.

Amene adafika pafupi ndi yankho adali anthu awiri osiyana kotheratu. Wina adali John Verhoeven, mphunzitsi wa za zitsulo pa Iowa State University. Mnzake adali Alfred Pendray, wosula wa ku Florida yemwe adakulira pantchito yokhoma zitsulo kumapazi a akavalo. Pendray ankasungunula ndi kusula, Verhoeven n'kumadula tizidutswa, kutiunika pamakina ndi kufotokoza chomwe chachitika m'kati mwa chitsulocho. Adalimbana nazo zaka zambiri mpaka adapeza kuti mizere ija imabwera kaamba ka kamchere kochepetsetsa, monga vanadium, komwe kankapezeka mwachilengedwe m'miyala ina ya ku India, komanso kaamba ka kutenthetsa ndi kuziziritsa chitsulo mobwerezabwereza pamoto woyenera. Zotsatira zawo adazisindikiza mu 1998, ndipo mu 2001 nkhaniyi idatuluka m'magazini ya Scientific American. Wophunzira payekha sakadatha kugwira nyundo momwe ankagwirira Pendray, ndipo wosula payekha sakadaona kamchere kobisika kotero.

Mipeni yambiri yomwe ikutchedwa Damascus lero imapangidwa mwanjira ina, yomwe mmisiri wa ku America, Bill Moran, adaitchukitsanso mu 1973. Amatenga zitsulo zamitundu iwiri zophwatalala, china cha kaboni wambiri, china chokhala ndi nickel ngati chija amapangira masowo akuluakulu ochekera matabwa, n'kuzisanjikiza mosinthanasinthana. Mtolowo amautenthetsa kupitirira madigiri 1 200, mpaka uwale chikasu chotuwira, amawazapo borax kuti litsiro lituluke, n'kuumenya mpaka zitsulozo zigwirane kukhala chimodzi. Akatero amachitalikitsa, kuchidula, kuchipinda ndi kuchimenyanso. Magawo 8 akapindidwa kasanu amafika 256. Pomaliza amaviika mpeniwo mu asidi, yemwe amadetsa chitsulo cha kaboni n'kusiya cha nickel chikuwala, ndipo mizere ija imaonekera.

Ntchitoyi ndi yowawa. Chitsulo sichichedwa kuzizira, choncho pamafunika wogwira, womenya nyundo yaikulu ndi woyang'ana moto. Pakalowa kalitsiro pakati pa magawo awiri, mpeni umadzang'ambika pomwepo. N'chifukwa chake amisiri akunjawo amakonda kugawana: wina wodziwa kusanjikiza amasula chitsulocho, wina amachisema ndi kuchinola, ndipo ambiri amatumiza mipeni yawo kwa munthu amene ntchito yake ndi kukhwimitsa basi. Mayina onse amadziwika, ndipo wogula amadziwa amene adachita chiyani.

Koma tamverani izi: mizere ija siiwonjezera kuthwa. Ndi maluwa chabe. Mpeni wa chitsulo chimodzi wokhwimitsidwa bwino umaposa wa Damascus wokhwimitsidwa molakwika, ndipo ilipo mipeni yotchipa yomwe mizere yake adangoijambula pamwamba. Ngakhale bungwe la osula mipeni la ku America, American Bladesmith Society, lomwe Moran adathandiza kukhazikitsa mu 1976, silikhutira ndi maluwa. Wofuna kutchedwa katswiri wamkulu amabwera ndi mpeni wa magawo osachepera 300, audulitse chingwe cholendewera kamodzi n'kamodzi, adule nawo thabwa kawiri, umetebe tsitsi lapamkono, kenaka aupinde mpaka ukhote ngati ngodya ya nyumba osathyoka. Zonsezi zimayesa moto, osati kukongola.

Ndiye tiyeni tione chomwe chimachitika pamotopo, pakuti apa ndi pomwe chikwanje changa chidafera.

Choyamba ndi chitsulo chenichenicho. Si chitsulo chilichonse chimakhwima. Chomwe chimakhwimitsa ndi kaboni yemwe ali m'kati mwake. Malata, migolo ndi zitsulo zambiri zowotcherera mawindo zili ndi kaboni wochepa kwambiri, ndipo ngakhale mutaziviika kakhumi, mpeni wake uzingopindika ndi kubuntha. Masipuling'i a galimoto ali ndi kaboni wokwanira bwino, n'chifukwa chake osula amawasakasaka popanga nkhwangwa ndi zikwanje. Tupa wakutha ali ndi wochuluka koposa, amatulutsa mpeni wakuthwa zedi koma wosachedwa kuthyoka ngati sunasamalidwe. Vuto la mmisiri wathu ndi loti amagula zitsulo zakutha mosakanikirana, ndipo chilichonse chimafuna moto wakewake.

Mpeni ukasulidwa, m'kati mwake mumakhala mutasokonezeka ndi nyundo ndi kutentha. Odziwa amaupumitsa kaye: kuutenthetsa mpaka ufiire, n'kuusiya uzizire wokha pamphepo, kawiri kapena katatu. Gawo limeneli ambiri amalidumpha chifukwa limadya makala ndi nthawi pomwe kasitomala akudikira.

Kenaka kukhwimitsa. Chitsulo chimayenera kufika pamadigiri pafupifupi 800, osapitirira kwambiri. Kuyeza ndi maso n'kovuta, pakuti chitsulo chomwe chikuoneka chofiira pang'ono padzuwa la masana chimakhala chitapsa kale mopitirira. Amisiri akale ankakhwimitsa madzulo kapena mumthunzi pachifukwa chomwechi. Koma pali kachida kosafuna ndalama: maginito wa m'sipika ya wailesi yakufa. Chitsulo chikafika pamadigiri pafupifupi 770 chimaleka kukokedwa ndi maginito. Chikatero mumangoonjezera moto pang'ono, n'kuviika. Madzi amaziziritsa mwankhanza, ndipo sipuling'i yopyapyala kawirikawiri imachita ming'alu yosaoneka, yomwe imadzaonekera kumunda. Mafuta ofunda amaziziritsa mofatsa. Ambiri amagwiritsa ntchito oilo wakutha wa galimoto poti ndi waulere, ngakhale utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Mafuta ophikira ndi abwinopo, kungoti mtengo wake tonse tikuudziwa.

Mpeni wongotuluka m'mafuta ndi wolimba ngati galasi, ndipo umaswekanso ngati galasi. Umayenera kubwezedwa pamoto wochepa kuti ufewe pang'ono. Akunja amauika mu uvuni pamadigiri pafupifupi 200 kwa ola limodzi kapena awiri, n'kubwereza. Wopanda uvuni amapala mpeniwo kuti uyere, n'kuutenthetsa pang'onopang'ono kuchokera kumsana, akuyang'ana mitundu yomwe imayenda pachitsulo: poyamba mtundu wa udzu wouma, kenaka wofiirira, kenaka wabuluu. Mpeni wodulira nyama umafuna kuti mbali yakuthwa ilekezere pa udzu wouma. Chikwanje ndi nkhwangwa, zomwe zimamenya mitengo, zimafuna kupitirira pamenepo kuti zisabenthuke. Kusiyana kwa mitunduyi ndi kwa kanthawi kochepa, wina akangokuitana kumbali basi mwaphonya.

Mukaonetsetsa, palibe chilichonse apa chofuna makina a mamiliyoni. Chofunika ndi munthu wodekha amene akuchita zimenezi tsiku ndi tsiku mpaka diso lake lizolowere. Ndipo munthu ameneyo sangakhale yemweyo amene wapita kukasaka zitsulo, wapemerera moto, wamenya nyundo kuyambira m'mawa, wasema chigwiriro, ndipo akuthamangira kukayala malonda dzuwa lisanapendeke.

Chodabwitsa n'choti kugawana ntchito kotereku si kwachilendo ku Kasungu. Dera lino lidali limodzi mwa malo otchuka pa ntchito ya zitsulo m'chigawo chino cha Africa. M'nkhalango ya Kasungu mudakali zotsalira za ng'anjo zadothi zazitali zomwe makolo ankasungunuliramo miyala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery adapeza nkhalamba za kwa Chulu, m'boma lomwe lino, ndi za ku Phoka ku Rumphi, zomwe zidaonapo ntchitoyi paunyamata wawo, ndipo zidayatsanso ng'anjo kuti ziwaonetse. David Killick naye adafufuza mbiri ya ng'anjo za ku Kasungu kuyambira 1860 mpaka 1940, kafukufuku yemwe adamumaliza ku Yale mu 1990.

Zomwe adalemba zikuonetsa kuti makolowo sankagwira ntchito payekhapayekha. Ng'anjo yaikulu inkakoka mphepo yokha popanda mvukuto, kudzera m'timapaipi tadothi ta m'munsi mwake. Zotuluka m'menemo ankazilowetsanso m'kang'anjo kakang'ono kopemerera ndi mvukuto kuti chitsulo chiyere, kenaka n'kupita nacho kuchipala. Padali okumba miyala m'mbali mwa madambo, otentha makala, oumba, opemerera, omenya nyundo, ndi mkulu wodziwa mankhwala ndi miyambo yake. Makasu otuluka m'menemo ankayenda ngati ndalama. Ngakhale Mpwitikizi Antonio Gamitto, amene adadutsa m'dziko la Amaravi kuchokera ku Tete mu 1831, adalemba za luso lawo pa chitsulo. Cha m'ma 1930 ng'anjozi zidazima, zitagonja kwa makasu a m'sitolo ndi zitsulo zakutha zomwe zidayamba kupezeka mosavuta. Pambuyo pake kudabwera makasu a Agrimal a ku Blantyre, ndi mpeni wa Okapi womwe a ku Wenela ndi Teba ankabwera nawo m'thumba.

Chidafa ndi ng'anjo si chitsulo chokha ayi. Lidafanso gulu. Wosula adatsala yekha ndi mwana womupemerera moto, ndipo luso lidasanduka chinsinsi cha banja, chomwe chimalowa m'manda pamodzi ndi mwiniwake.

Pamalo ngati pa Nkhamenya anthu oyenera alipo kale, kungoti aliyense ali kwake. Alipo owotcherera okhala ndi magetsi ndi galayindala, amene amapanga ngolo, mageti ndi majeke odindira fodya. Alipo akalipentala odziwa mtengo wosang'ambika. Alipo ofufuta zikopa, makamaka chakumpoto cha ku Jenda komwe ng'ombe n'zambiri, amene akhoza kusoka chimake. Ndipo alipo osula a kumidzi odziwa nyundo. Atati atatu kapena anayi agwirizane kuti wosula azisula, wagalayindala azisalaza, mmodzi azikhwimitsa mipeni ya onse tsiku limodzi pamlungu, moto umodzi ukhoza kugwira ntchito ya mipeni makumi awiri m'malo moyatsira uliwonse. Koposa apo, mipeniyo izituluka yofanana, yalero ndi yamawa.

Ndikudziwa kuti kunena n'kosavuta. Magulu ambiri m'dziko muno adagwa pa nkhani ya msungichuma, ndipo mmisiri amene wadya ndi chinsinsi chake kwa zaka makumi atatu sangachiulule kwa mnzake wopikisana naye pamsika umodzi chifukwa choti wina walemba m'nyuzipepala. N'chifukwa chake sindikunena za kalabu yokhala ndi wapampando ndi buku la kubanki. Ndikunena za malonda wamba: ndakusulira, undilipire, wandikhwimitsira, ndikulipire pa mpeni uliwonse. Umu ndi momwe telala ndi wogulitsa nsalu amakhalira, ndipo sakangana.

Vuto lina lalikulu ndi makala. Chipala chimadya makala, ndipo chitsulo cha Damascus chimadya kangapo kuposa apo. Malamulo a zankhalango, omwe adakhwimitsidwa mu 2020, amafuna kuti wotentha makala akhale ndi chiphaso, ndipo aliyense woyenda pakati pa Kasungu ndi Jenda akuona yekha momwe fodya ndi nkhuni zametera mitengo yachilengedwe. Kampani ya Kawandama Hills ya ku Viphya idali imodzi mwa zoyamba kuloledwa kutentha makala kuchokera ku mitengo yodzala, zomwe zikusonyeza kuti njira yovomerezeka ilipo. Mmisiri mmodzi sangaifikire, koma anayi ogula limodzi, kapena odzala bulugamu wawo, akhoza. Chimodzimodzi zitsulo: amisiri odziwika ndi dzina amakhala ndi chifukwa chokanira chitsulo chozulidwa pamlatho kapena pansanja ya magetsi, pomwe wongobisala kuseri amalandira chilichonse.

Nalo bungwe la Teveta, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999 ndipo limatolera msonkho kwa olemba anthu ntchito kuti liphunzitsire amisiri, lili ndi gawo lake. Achinyamata ambiri amene amapita kusukulu zaluso amatulukako ndi luso lowotcherera. Palibe choipa pamenepo. Koma maphunziro a mlungu umodzi okha, ochitikira pamsika pomwepo, oonetsa osula momwe angazindikirire chitsulo poona nthethe zake pagalayindala, momwe angagwiritsire ntchito maginito ndi momwe angawerengere mitundu ija, akhoza kusintha makasu ndi zikwanje za dera lonse. Ophunzitsawo apite akudziwa kuti nawonso akaphunzirako, monga Verhoeven adaphunzirira kwa munthu wa akavalo uja.

Nanga Damascus weniweniyo, angapangidwe pa Nkhamenya? Angapangidwe. Sipuling'i ndi sowo yakutha ya kumacheka a ku Chikangawa ndi zitsulo zomwe zikhoza kugwirana n'kutulutsa mizere, ndipo vinega kapena khofi wowawa amaionetsa ngakhale popanda asidi wakusitolo. Alendo opita kunyanja ndi ku Nyika amadutsa pa M1 pomwepa, ndipo ena mwa iwo akhoza kulipira bwino mpeni wotere wokhala ndi chigwiriro cha mtengo wakuno. Koma ndingadandaule kuona mnyamata akuwotcha matumba a makala kufuna maluwa pomwe sanadziwe kukhwimitsa mpeni wosendera mbatata. Ku South Africa, komwe bungwe la opanga mipeni lidayamba mu 1980, munthu salowa m'bungwemo asanapereke mipeni yake kuti anzake aiyese. Msika waukulu wa osula athu ndi mayi wa m'khitchini, wogulitsa nyama, wokazinga tchipisi ndi mlimi wodula mikangala, ndipo onsewa akufuna chinthu chimodzi: chida chomwe sadzagulanso chaka chamawa.

Ogula nafenso tili ndi mbali yathu. Timakonda kunenerera mpaka mmisiri atsale ndi ya makala yokha, kenaka n'kumadabwa kuti wadumpha magawo ena a ntchito. Mukapita kukagula, funsani kuti chitsulocho chidali chiyani. Pemphani tupa mukhudze nayo mbali yakuthwa: akamaluma mosavuta ngati akupala mtengo, chitsulocho n'chofewa, akamangoterereka osagwira konse, chikwanjecho n'cholimba mopitirira ndipo chidzabenthuka, chabwino ndi chomwe tupa akugwira movutikira. Chilendewetseni n'kuchigogoda: chokhala ndi mng'alu sichilira bwino. Ndipo funsani ngati mmisiriyo amadinda chizindikiro chake pachitsulo, kaya ndi chilembo kaya ndi timadontho titatu, kuti chikathyoka mudziwe kobwerera nacho.

Chikwanje changa chija chidalibe chizindikiro. Nditabwerera nacho pamsikawo patatha milungu iwiri, ndidapeza anthu atatu atayala zikwanje zofanana, ndipo aliyense adaloza mnzake.